A Muhiwa ndi Munda wa M'bwato

A Muhiwa tinawaika m'manda sabata yatha, mvula ikuwaza. Anali apongozi anga, bambo ake a malemu mkazi wanga Edina. Abusa atafunsa ngati pali wina woti anene mbiri yawo, anthu anayang'ana ine, poti ndine mphunzitsi. Ndinaimirira n'kunena kuti anali munthu wamtendere, wokonda tchalitchi, wothandiza anzake. Mawu amenewo akanakwanira pa maliro a wina aliyense. Pobwerera kumudzi anandipeza panjira Che Saidi, wogula nsomba wa ku Kachulu amene ankasewera nawo bawo.

"Aphunzitsi, mwaika ndani kumanda kuja?" anandifunsa. "Mnzanga ine sindinamumvemo m'mawu anu aja."

Zimene ndinalephera kunena tsiku limenelo ndi zimene ndikulemba pano.

Aliyense woyenda njira yochokera ku sikimu ya mpunga ya Likangala kupita ku Kachulu ankaidziwa nyumba yawo chifukwa cha bwato limene linali pabwalo. Linali bwato lakale logoba pamtengo, long'ambika pansi, loti silingayandamenso. Iwo analidzaza dothi losakaniza ndi mchenga n'kubzalamo chomera cha masamba onenepa, aminga m'mbali, chimene ife ku koleji tinkachitchula kuti alovera. Dzina limenelo ankaliseka, ati likumveka ngati la mkazi wa Mzungu. Iwo ankangoti chowawa, ndipo mudzi wonse unatengera iwo.

Mbewu yake anabwera nayo ali mnyamata kuchokera kutsidya kwa nyanja, kum'mawa, ataikulunga m'kansanza. Anaizula pakhomo pa mayi awo. Kuno anadzakwatira, ndipo monga mwa mwambo wathu anakhala kwa mkazi. Nyumba anamanga okha, munda analima okha, koma dothi linali la akuchikazi. Ankanena kuti mkamwini wanzeru sabzala chinthu cha mizu yaitali pamalo pamene angamuthamangitse mawa. N'chifukwa chake chowawa chawo sanachiike pansi. Ankati tsiku limene akazi awo adzatope nawo, adzamanga chingwe kumphuno kwa bwatolo n'kulikoka mpaka kwawo, munda wonse uli momwemo.

"Kokani lero lomwe," ankatero apongozi aakazi akupeta mpunga. "Pamenepo ndibzalepo tomato."

Anakangana choncho mpaka imvi. Ine nditakwatira Edina n'kudzakhala pamudzipo, a Muhiwa anandilandira ndi mawu oti tsopano alendo tilipo awiri. Pagulu ankandipatsa ulemu wonse woyenera mpongozi. Tikakhala awiri ankanditchula kuti aphunzitsi, ndi kamawu kena kosonyeza kuti sanatsimikize bwino chimene ndimaphunzitsa.

Amene anawadziwa m'zaka zomaliza zokha amakumbukira nkhalamba yoyenda manja ali kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake, ngati woyendera sukulu. Kale sanali otero. Kale manja awo sankakhala chete.

Odwala awo ambiri anali anthu a kudoko la Kachulu. Owamba milamba ankabwera atapsa ndi ng'anjo. Asodzi ankabwera atabayidwa ndi minga ya mlamba, dzanja litatupa. Amayi a kusikimu ankabwera ndi zikang'a zotuluka magazi chifukwa chokhalitsa m'madzi a mpunga, ndipo ana ankabwera nawo ali ndi zipere m'mutu. A Muhiwa ankasolola mpeni patsindwi la khonde n'kusankha tsamba la pansi penipeni, lokhwima. Lanthete sankalikhudza. Akadula, ankaliimiritsa m'mbale yobenthuka kuti utomoni wachikasu, umene ndiwo wowawa, udonthe wonse. Kenako ankachotsa minga, n'kuling'amba pakati, n'kupaka pachilonda zam'kati zija, zoyera, zozizira, zoterera ngati therere. Nthawi yonseyo ankakhala akukalipira wodwalayo. Wopsa ankamufunsa ngati moto anayamba kuuona tsiku limenelo. Wobayidwa ankamufunsa kuti pakati pa iye ndi mlamba wagwidwa ndani. Sankalipiritsa, koma munthu akaiwala kubwera ndi timatemba pa ulendo wotsatira, ankamukumbutsa pagulu.

Panalinso zimene ankakana. Bala lakuya, wolumidwa ndi njoka, wotsokomola magazi, onsewo ankawalozera njira ya kuchipatala. Ankati chowawa ndi tsamba chabe, si Mulungu, ndipo amene amanena kuti chimachiza chilichonse ndi amene sanachizepo kanthu. Pa mfundo imeneyi ankakangana ndi Che Saidi, amene ankafuna kuti azithira utomoniwo m'mabotolo n'kumagulitsa ku Zomba. Mkanganowo unkayambira pa bawo, n'kudutsa pa mabotolo, n'kukathera pa funso loti ndani mwa awiriwo adzapezeke kumwamba. Mawa lake Che Saidi ankabweranso.

Tsiku lina mnyamata wa chipani anawaimitsa pakhomo la msika wa ku Kachulu chifukwa khadi lawo la chipani anali ataliiwala m'malaya ena. Anawataira dengu la matemba pansi. Patapita miyezi, mnyamata yemweyo anabwera pakhomo atapsa mkono wonse. A Muhiwa anamuyang'ana, mpeni uli m'manja.

"Khadi la chilondachi mwatenga, bwana?"

Mnyamatayo anazyolika. Ife tonse tinayang'anana, chifukwa masiku amenewo nthabwala yotere inkatha kumusowetsa munthu. Koma iwo anali atagwada kale, akumupaka pang'onopang'ono, akumuuza kuti asanyowetse.

Utomoni wachikasu uja unali ndi ntchito imodzi yokha. Munthu akadzimbidwa, m'mimba mukauma, ankamudonthezera pang'ono m'kapu ya madzi, ndipo mawa lake ankapepukidwa. Pamenepa anali ndi lamulo limene sankaliphwanya: kapu imeneyo sapatsidwa mwana wamng'ono, ndipo sapatsidwa mayi woyembekezera, chifukwa ankati umapotokola m'mimba mwamphamvu. Vuto linali lakuti mwamuna wamkulu sangafunse mkazi ngati ali ndi pakati. Kwathu kuno zimenezo sizituluka pakamwa pa bambo. Ndiye anali ndi njira yawo. Mkazi akabwera kudandaula za m'mimba, iwo ankangoti, "Mayi, tawaonani alendowa." Apongozi aakazi ankamutengera kuseri kwa nyumba, n'kubwerako, n'kugwedeza mutu kapena kupukusa. A Muhiwa sankafunsa zambiri. Njira imeneyi inagwira ntchito kuyambira Edina asanabadwe.

Edina anatenga pathupi pachiwiri mwana wathu Linesi atayamba kuyankhula. Tinkadziwa anthu atatu: iye, ine, ndi mayi ake. Panali pasanaoneke, ndipo amayi akuluakulu anali asanabwere kudzamulangiza, choncho nkhaniyo inali isanakhale yoti n'kuitchula. Bambo wa mwana wamkazi sauzidwa n'komwe. Amadzangoona ndi maso nthawi ikakwana, n'kukhala ngati sanaone.

Sabata imeneyo kunabwera lole kudzatenga amayi kuti akakonzekere magule ku Zomba, poti kunkayembekezeka mtsogoleri wa dziko. Lole imeneyo munthu sankakana kukwera. Apongozi aakazi anapita. Edina anamusiya chifukwa ankaoneka wofooka. Ine ndinali kusukulu.

Zotsatirazi anandifotokozera Edina yemwe nditaweruka. Bambo ake anamupeza atakhala pakhonde la mayi ake, atagwira pamimba, chakudya chili pambali osachikhudza.

"Watani, mayi wanga?"

"M'mimba mwangouma, ababa. Mutha."

Iwo anapita kubwato. Anabwera ndi kapu, koma sanamupatse msanga. Anaimirira nayo, akuyang'ana kunjira kumene lole inalowera, ngati akudikira kuti mkazi wawo atulukire. Kenako anafunsa m'njira yokhayo imene bambo angafunsire mwana wake wamkazi.

"Palibe chinanso?"

Edina anayang'ana pansi. "Palibe, ababa."

Analandira ndi manja awiri n'kumwa. Pondifotokozera ankaseka, akukwinya nkhope pokumbukira kuwawa kwake. Nditamufunsa chifukwa chake sanakane, anandiyang'ana modabwa.

"Abambo ake Linesi, ndikanati chiyani kwa bambo anga?"

Mawa lake m'mimba munayamba kupota, kenako anayamba kutaya magazi. Madzulo ake amayi anabwerako ku Zomba, nsalu za gule zikadali m'chiuno. A Muhiwa palibe amene anawauza kanthu. Anangoona amayi akuluakulu akulowa m'nyumba mwathu, akutseka chitseko, wina akutuluka kudzauza amuna tonse kuti tichoke pabwalo. Munthu wa msinkhu wawo amadziwa tanthauzo la chitseko chotsekedwa choncho. Ndinawaona akukhala pansi m'mphepete mwa bwato lija, pang'onopang'ono.

Pathupi panapita padera. Tinamunyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako pagalimoto mpaka kuchipatala. Edina sanabwerere wamoyo. Dokotala amene ndinayankhula naye anati analinso ndi malungo, ndipo magazi anali ochepa m'thupi kuyambira kale. Nditamuuza za kapu ija, anati mwina, mwinanso ayi. Anati pathupi pamachoka pa zifukwa zambiri, ndipo iye sangathe kuloza chimodzi.

Pamudzi palibe amene anaimba mnzake mlandu. Apongozi aakazi ananena kamodzi kokha, akutsuka mbale, osayang'ana munthu, kuti akanakhalapo iwo sizikanatero. Za lole ija sizinali zoti n'kuzinena mokweza. Aliyense anasenza gawo lake n'kukhala nalo chete.

Mwambo wometa utatha, akuchikazi atandisudzula kuti ndine womasuka kubwerera kwathu, a Muhiwa anabwera kunyumba kwanga masana ndikulongedza katundu. Anali asanapondepo pakhonde langa chikwatirire ine, chifukwa mpongozi safika pamenepo. Ndinawatulutsira mpando. Anaukana. Anavula chipewa n'kukhala padothi, kumunsi kwa khonde, ine ndili pamwamba. Ndinatsika msanga n'kukhala pansi nanenso, koma manyazi a kamphindi kameneko sanandichokebe: bambo wa imvi atakhala kumapazi kwa mkamwini wake, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, inu munawerenga mabuku," anatero. "Ndiuzeni. Ndi kapu ija?"

Ndinawauza zoona. "Sindikudziwa, bambo. Adokotala nawonso sakudziwa."

"Koma sanati iyayi."

"Sanatero."

"Inunso simukuti iyayi."

"Sindingathe kunena chimene sindikuchidziwa, bambo."

Anazunguza chipewa chija. Kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kuona kuti ndi woyenera.

"Mwayankha bwino," anatero.

Anaimirira, n'kuika manja kumbuyo, n'kumapita. Aka kanali koyamba kuwaona akuyenda choncho.

Kuyambira pamenepo mpeni sunatsikenso patsindwi. Anthu ankabwera ndi zilonda zawo, iwo n'kuwauza kuti maso afooka. Komabe bwatolo sanalitaye. Ankaima pambali pake m'mawa uliwonse, akuliyang'ana, osalikhudza. Che Saidi anawakalipira ine ndikumva.

"Muhiwa, iwe ukulanga anthu osalakwa. Wopsa ndi ng'anjo wakulakwira chiyani? Mwana anapita, ndi Mulungu anatenga. Iwe ndiwe ndani kuti uzidziyesa ndiwe unatenga?"

"Sewera bawo, Saidi," anayankha. "Ndi nthawi yako."

Ine kwathu sindinapite. Ndinasamukira m'nyumba ya aphunzitsi kusukulu, chifukwa Linesi anatsala kwa agogo ake monga mwa mwambo, ndipo Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kudzamuona.

Loweruka lina, apongozi aakazi ali kumpunga, Linesi anaponda phulusa la ng'anjo limene pansi pake panali makala amoto. Kulira kwake kunamveka mpaka kunjira. A Muhiwa ndi amene anayamba kufika. Anamunyamula n'kumiza phazi lake mumtsuko wa madzi akumwa, osasamala kuti madziwo awonongeka. Atamukhazika pamphasa anapita kubwato, n'kuima. Manja anabwerera kumbuyo.

"Aphunzitsi, mpeni uli patsindwi."

"Bambo, dulani ndinu."

"La pansilo. Ayi, osati limenelo, linzakelo, lonenepa."

"Bambo, mwana akulira. Inu ndi amene mumadziwa."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndikukuuzani. Dulani kufupi ndi tsinde."

Ndinatsitsa mpeni n'kuwapatsira, chigwiriro chikuloza kwa iwo. Sanautenge. Pamenepo ndinanena mawu amene anadzawafuna pakhonde langa tsiku lija.

"Bambo, sinali kapu ija."

Anandiyang'ana popanda mkwiyo.

"Musatero, aphunzitsi. Lero mukutero chifukwa mukufuna dzanja. Tsiku lija simunkafuna kanthu, ndiye ndinakhulupirira. Dulani, mwanayu akupsa."

Ndinadula. Anandiuza kuti ndiimiritse tsambalo m'mbale yobenthuka, ndidikire ngakhale mwana akulira, ndichotse minga, nding'ambe, ndipake osatikita. Utomoni wachikasu umene unadontha anandiuza kuti ndiukhuthulire padothi n'kufotsera ndi phazi. Linesi anachira. Watsala ndi kachipsera kakang'ono pansi pa chala chachikulu.

Mbiri inamveka kudoko kuti chowawa chayambiranso, koma Loweruka lokha. Ndi mmene tinagwirira ntchito mpaka pamene anadwala: iwo pakamwa, ine manja. Pang'ono ndi pang'ono kukalipa kuja kunabwerera, kungoti tsopano wokalipiridwa ndinali ine. Ankauza odwala kuti apirire, poti aphunzitsiwa amasenda tsamba ngati chinangwa. Kapu ija yokha sinabwerere. Wodzimbidwa ankamuuza kuti akadye papaya.

Koma panabwera chinthu china chatsopano, chimene ndinachibisa kumanda kuja. Mkazi aliyense wofika pabwalopo, ngakhale abwere ndi chikang'a chabe, a Muhiwa ankamufunsa maso ndi maso, mokweza, anthu akumva.

"Muli ndi pakati?"

Woyamba kufunsidwa anathawa osalandira mankhwala. Apongozi aakazi anawakalipira kuti ukalamba wawalowa molakwika. Anawakumbutsa kuti zopaka pakhungu sizikhudzana ndi pathupi, ndipo iwo ali pompo oti n'kufunsa kuseri monga kale. A Muhiwa anati nkhani si ya mankhwala. Anati akufuna kuti atsikana a mudzi uno azolowere kumva mawuwo kuchokera pakamwa pa bambo, n'kuona kuti yemwe wayankha safa nazo. Ankafunsa akazi a eni, ankafunsa adzukulu awo enieni, anafunsa ngakhale gogo wina woyenda ndi ndodo, amene anawayankha kuti inde, ndipo mwini wake ndi iwowo. Akulu a mpingo anawaitana kukawadzudzula. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupepesa chifukwa chowatayitsa nthawi, ndipo Loweruka lotsatira anafunsanso.

Ine ndinkakhala nditagwada pamenepo ndi mpeni, nkhope ili pansi. Nthawi iliyonse akafunsa, ndinkalakalaka nthaka itandimeza. Ndinkadziwa bwino chifukwa chake akufunsa, kuposa wina aliyense pabwalopo, komabe ndinkachita manyazi. Manyazi amenewo ndi omwe aja amene Edina anayang'ana nawo pansi.

Tsiku lina mtsikana wina wongokwatiwa kumene anabwera atapsa ndi phala. Atafunsidwa, anayankha motsitsa.

"Eya, agogo."

A Muhiwa anangoti, "Zikomo, mwana wanga." Anatembenuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo anachedwako.

Anadwala chibayo masiku ochepa chabe. Pamene ndinkawaona komaliza sanatchule za Edina, sanatchule za kapu. Anandiuza kuti masamba a kumbuyo kwa bwato athinana, ndipatuleko timphukira ndipatse aliyense wofuna. Ndinayembekezera kuti mwina andifunsanso funso lija. Sanafunse, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene ndikanayankha.

Dzulo linali Loweruka, ndiye ndinapita. Bwato lili pomwe linali. Mvula yalinyowetsa mpaka lada, ndipo pansi pake pamera tibowa ting'onoting'ono. Masamba atupa ndi madzi, ena akulendewera kunja, ndipo pakati patuluka phesi lalitali la maluwa limene mbalame zing'onozing'ono zikulikanganirana. Mbale yobenthuka ili chafufumimba pamwala. Mpeni uli patsindwi. Bawo analitsamiritsa kukhoma, ndipo Che Saidi sanabwere kudzalitenga ngakhale kuti ndi lawo. Kumanja kwa bwatolo kuli kamalo kolimba, kopanda udzu, kokwana mapazi awiri, pamene ankaima.

Apongozi aakazi anatuluka ndi kakhasu. Ndinaganiza kuti mwina nthawi ya tomato yakwana. Anaima kumphuno kwa bwato kuja, pamene pakanamangidwa chingwe.

"Ankati adzalikoka," anatero. "Taonani, apita alisiya."

Anawerama n'kuyamba kuzula tiudzu timene tamera pakati pa masamba. Akuzula choncho, kunjira kunatulukira mayi wina wa kusikimu akutsimphina, phazi atalikulunga m'nsanza. Ndinatsitsa mpeni n'kugwada. Ndinadikira kuti mawu achokere kumbuyo kwanga. Mayiyo nayenso anadikira, akuyang'ana pa kamalo kopanda udzu kaja.